Tsiku lomwe ndinadyetsa mota ngati ngolo

Takhalani pansi kaye anzanga, timavidiyo tanuto tidikire, mumve iyi.

Ndili Sitandade 6 ndinkakhala kwa amalume anga a Soko, kwathu kuno timati asibweni. Anali ndi dimba la tomato m'mphepete mwa mtsinje wa Mzimba, ndipo mtima wa dimba lonselo unali pampu yamagetsi. Mota yake inali yobiriwira, ya mizeremizere pamsana, inkakhala m'kakhumbi ka malata. Ankaikonda kuposa ife ana. M'mawa uliwonse ankaipukuta fumbi, kuigwira ndi kuseri kwa dzanja ngati akuyeza mwana wa malungo, kenako nsonga ya sikuludiraiva pa mota, chogwirira pakhutu, maso atatseka. Ati akumvetsera mabering'i, timipira tachitsulo tija tothandiza mota kuzungulira.

Ine ntchito yanga inali ya ngolo. Gudumu likayamba kulira, umatapa girisi dzanja lonse n'kumata mpaka atulukire m'mbali. Kwa ngolo, girisi wambiri ndiye chikondi. Nzeru zanga zonse zinathera pamenepo.

Ndiye Okutobala wina, kukutentha chomene, asibweni anapita kumaliro ku Edingeni masiku atatu. Pochoka anangoti, "Muphwa, uziyatsa m'mawa, uzizimitsa dzuwa likafika pamutu. China usakhudze." Tomato anali pa maluwa, nthawi ija yoti ukamumana madzi maluwa amayoyoka, chaka chonse chapita.

Tsiku lachiwiri ndinamva kaphokoso, swii swii. Ndinati basi, iyi ndi njala. Ndinazimitsa, n'kutsitsa pa msomali mfuti yawo yopopera girisi, n'kuilumikiza pa kamlomo ka mota. Asibweni ankapopa kawiri kokha, ndiye pakadutsanso miyezi, ine ndinkangoti mdalayu ndi womana. Ndinapopa mpaka mkono kuwawa, mpaka girisi anayamba kutuluka m'mbali ngati chiponde. Nditayatsa, kaphokoso zii. Ndinayenda m'mizere ya tomato manja kumbuyo, injiniya weniweni.

Ola silinathe. Fungo lake mpaka lero likadali m'mphuno mwangamu, ngati pulasitiki yagwera pamoto. Ndinalavulira pa mota, malovu n'kulira tsss, mbwenu basi, mota yazima yokha. Paipi inangodontha kawiri n'kuuma.

Tsiku limenelo ndi lotsatira ndinathirira ndi ndowa, kutsika kumtsinje, kukwera, kutsika, kukwera. Mizere ya kumtunda inali itazyolika kale. Koma bodza ndinali nditalikonza bwinobwino: magetsi anabwera ofooka. Ndani akanatsutsa? Tonse tinkawadziwa magetsi athu.

Asibweni anafika ali ndi jekete la kumaliro, osalowa n'komwe m'nyumba.

"Ndi magetsi, asibweni," ndinatero asanafunse.

Ananunkhiza. Anapisa chala pansi pa mota n'kuchitulutsa chili noninoni, n'kuchiimika pamphuno panga.

"Yewo, muphwa. Ndiye magetsi a masiku ano akumabwera ndi girisi?"

Ndinaulula zonse, mamina ndi misozi pamodzi. Sanandimenye. Anachotsa magetsi, anamasula chivundikiro, n'kundipatsa kamtengo ndi kansanza kuti ndichotse ndekha zomwe ndinathirazo. Tinatha masana onse. Iwo atakhala pa ndowa yanga ija, ankangoti, "Ngolo imayenda mwaulesi, ungaidyetse mpaka kukhuta. Iyi imathamanga. Munthu akuthamanga sumuthira phala m'kamwa, amatsamwa."

Mwayi wake mawaya a mkati sanapse, kachitetezo ka pa swichi kanazimitsa msanga. Atamanga, anandiuza kuti ndiyatse ndine. Ndinayatsa. Mota inang'ung'udza, paipi inatsokomola, madzi n'kutuluka. Mizere iwiri ya kumtunda sinadzukenso, ndipo chaka chonsecho ankaitcha kuti munda wa injiniya.

Lero ndine amene ndimakonza mapampu mpaka ku Euthini uko. Sukulu yake sindinapite, zambiri ndaphunzira pa foni yomweyi. Mapampu ambiri pano ndi a sola, mabering'i ake otsekeratu, ngakhale kamlomo kothirirapo girisi palibe. Mwana wa lero sangalakwe ngati ine, komanso sadzadziwa kumvetsera mota. Ine sikuludiraiva ndimaikabe pakhutu, makasitomala amaseka, ena amandijambula.

Ndiye tandiuzani zoona, osanama: chala cha girisi chili pamphuno panu, inu mukanaulula, kapena mukanakakamirabe kuti ndi magetsi?