Amene Ankakanda Mapuleti Anga

Galimoto yanga yoyamba ndinaigula imvi zitayamba kale kutuluka. Inali yakale, yoti ena anayendera mpaka kutopa nayo, koma m'banja mwathu inali yoyamba. Bambo anga anagwira ntchito ya njanji kuno ku Kabwe moyo wawo wonse, ndipo mpaka imfa yawo ankayendera njinga. Ndiye galimotoyo italowa pageti, mutu unandizungulira pang'ono. Sindikana.

Chimene chinandipengetsa sichinali injini kapena mipando. Anali mapuleti anayi a kaboni faiba amene ndinaitanitsa ku Lusaka n'kumata pansi pa zitseko, pamene phazi limadutsa munthu akamalowa. Anali akuda, onyezimira, ndipo ukayang'anitsitsa unkaona ulusi wolukana ngati mkeka pansi pa vanishi. Wogulitsa anati ntchito yake ndi kuteteza penti kuti nsapato zisamaikande. Ine ndinatembenuza nkhani, ndinayamba kuteteza mapuletiwo.

Fumbi la Kabwe ndi lakuthwa. Ukalipukuta louma limadya vanishi, choncho ndinkayamba ndathira madzi, kenako sopo wofewa, kenako kansalu kakekake komwe ndinkasunga m'thumba lake kuti wina asapukutire mbale. Kamodzi pamwezi ndinkapaka phula, ndipo galimoto ndinkaimika pansi pa mtengo wa mango, poti ndinamva kuti dzuwa limasandutsa vanishi kukhala wachikasu. Pamwamba pa puleti iliyonse ndinamatapo pulasitiki yoonekera. Aliyense wokwera, kaya ndi mlamu, kaya ndi anzathu a kutchalitchi, ndinkamuuza kuti adumphe, asaponde. Mkazi wanga ankati ndikanamusamala iyeyo chonchi bwenzi anthu akumuyesa mtsikana.

Panyumba tinali atatu: ine, mkazi wanga, ndi amayi anga, amene tinawatenga ku nyumba yawo ya ku Railways, dera la antchito a njanji, bambo atamwalira. Mawondo anali atawathera, makutu nawonso ankamva zimene afuna. Lachiwiri ndi Lachisanu kunkabwera mayi wina wotichapira, amene tonse tinkangowatchula kuti amake mapasa. Ankachoka ku Makululu wapansi n'kufika dzuwa likungotuluka. Anatichapira zaka zisanu ndi chimodzi. Amuna awo ankatola zitsulo zakale n'kumagulitsa, ntchito ya mwayi, ndiye ana awo anayi ankadalira kwambiri ntchito ya kwathu ndi ya nyumba yoyandikana nafe.

Ndinali ndi chizolowezi. M'mawa uliwonse ndinkatsegula zitseko zonse za galimoto kuti mupite mphepo, kenako n'kupita kukasamba ndi kumwa tiyi. Tsiku lina potuluka ndinapeza pulasitiki ya kukhomo la dalaivala itatukuka pakona, ndipo pambali pake panali kamzere, konga ka mpeni. Ndinaimatanso. Patapita masiku atatu pulasitikiyo inali itachoka yonse. Sabata yotsatira vanishi anali ndi mizere yozungulira, yambirimbiri, ndipo kuwala kuja kunali kutazima. Pogwira ndi chala ndinadetsedwa ndi zinthu zakuda zamafuta. Wina ankakanda mapuleti anga, n'kumapaka polishi kuti abise.

Kukayikira ndi matenda oipa. Ndinayamba ndi bambo wa kuseri kwa mpanda, amene sanandiyamikire nditagula galimoto, koma mimba yake siyoti n'kudumpha nayo mpanda. Ndinafika potembenuza nsapato za mkazi wanga kuti ndione zidendene, ndipo anandipeza ndili nazo m'manja, n'kundifunsa ngati ndikufuna kubwereka. Kushopu kwanga, komwe ndimakonza mafoni, ndinkangoyang'ana pazenera aliyense wodutsa pafupi ndi galimoto. Ngakhale potuluka m'tchalitchi ndinkayamba ndawerama n'kuyang'ana ndisanapatse anthu moni.

Kenako ndinayamba kusunga masiku pamtima. Zokandazo zinkawonjezeka Lachiwiri ndi Lachisanu basi.

Apo zonse zinalumikizana bwinobwino m'mutu mwanga. Mwamuna wotola zitsulo, mkazi wolowa pageti ine ndili kubafa, mzere wa mpeni m'mbali mwa puleti. Ndinati akufuna kumatula n'kukagulitsa, poyesa kuti ndi chitsulo, ndipo zitawakanika ayamba kuwononga dala chifukwa cha nsanje. Mkazi wanga anandikumbutsa kuti mayi ameneyu wakhala akupeza zinthu m'matumba a mathalauza anga zaka zonsezi n'kumaziika patebulo. Ndinamuyankha kuti wochenjera amatero, amabweza zazing'ono kuti umukhulupirire. Ndinkadziona wanzeru kwambiri polankhula zimenezi.

Lachisanu lina ndinasamba mwachangu, n'kusiya mpopi ukutuluka madzi kuti azindiyesa ndikadali momwemo. Nditasuzumira pazenera la kuchipinda ndinaona amayi anga akulowa kukhitchini pang'onopang'ono, monga mwa nthawi zonse akatha kusesa, ndipo kumbuyo kwawo amake mapasa akuchokera kumene kunali galimoto, akupukuta manja m'chitenje. Ndinatuluka n'kuwaitanira kugeti, kutali ndi amayi, kuti nkhalamba isamve phokoso. Ndinawauza kuti atambasule manja. M'zala munali polishi wakuda.

"Ba bosi, ine motoka yanu sininaigwirepo," anatero.

Ndinawafunsa kuti nanga polishiyo wachokera kuti. Anayang'ana kukhomo la kukhitchini, kenako pansi, osayankha. Ndinafunsa katatu. Kukhala chete kumeneko ndinakutenga ngati kuvomera. Ndinanena mawu amene sindingawalembe pano, okhudza iwo, amuna awo, ndi anthu onse a ku Makululu. Anamaliza kuyanika zovala zomwe zinali m'beseni, anatsuka besenilo n'kulivundikira pamalo pake, kenako anapita. Madzulo ake ndinakachenjeza a nyumba yoyandikana, ndipo nawonso anawaletsa. Amayi tinangowauza kuti amake mapasa apeza ntchito kwina.

Masabata atatu anadutsa popanda mzere watsopano. Ndinkayenda chifuwa patsogolo. Tsiku lililonse ndinkamuonetsa mkazi wanga mapuletiwo kuti aone yekha kuti ndani ankanena zoona, ndipo iye ankangopitiriza kuchapa zovala zake.

Lachiwiri lina ndili kubafa ndinamva mawu akuitana chapansipansi. Ndinatuluka ndi thaulo. Amayi anali atagwada pa saka, pakhomo la dalaivala, dzanja limodzi atagwira mpando, akuyesa kudzuka koma mawondo akukana. Pambali pawo panali kachitini ka polishi wakuda wa pansi, burashi yakale imene anabwera nayo kuchokera ku Railways, waya wokwechera mapoto, ndi kampeni kosendera anyezi.

"Ndidzutse, mwanawe," anatero. "Mnzanga uja sabweranso, ndiye ndinati ndiyese ndekha."

Ndinawagwira m'khwapa n'kuwadzutsa. Anagwira mikono yanga, ndipo atandisiya ndinaona kuti andidetsa ndi polishi.

Ndinawakhazika pa mpando pansi pa mango, ndipo anafotokoza mosabisa, poti kwa iwo panalibe cholakwa. Ku Railways mkazi aliyense ankadzuka m'mawa kupaka polishi pa sitepe ya pakhomo, mpaka iwale, ndipo nyumba inkadziwika ndi sitepe yake. Zaka zonse zija bambo sanapondepo sitepe yosapaka popita kuntchito. Ine ndinakulira pa sitepe imeneyo, ndinatererapo kangapo, koma ndinali nditaiwala. Kwathu kuno ndi matailosi, mkazi wanga amangodutsa ndi chokolopera, ndipo manja a amayi analibe chochita. Pulasitiki ija anaichotsa poyesa kuti ndi ya kusitolo imene ndinaiwala kumatula. Anakwecha ndi waya kuti polishi agwire, ndipo ankadabwa kuti sitepe yanji yokana polishi. Ankasankha masiku a amake mapasa chifukwa kugwada ankatha okha, koma kudzuka kunkafuna munthu. Anawapempha kuti asandiuze, ankafuna ndizindikire ndekha kuti pakuwala.

"Ndinakuona ukugwada pa sitepe ya motoka ndi kansalu," anatero, "ngati munthu wopanda mayi."

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Sindinawakalipire. Ndikanayambira pati? Sindinawauzenso zimene ndinachita pageti, ndipo mpaka lero sakudziwa.

Loweruka ndinapita ku Makululu. Galimoto ndinaisiya pamsewu poti tinjira ta mkati ndi topapatiza, ndipo ndinayenda ndikufunsa mpaka ndinawapeza atakhala pa katebulo ka tomato ndi makala oika m'timapepala. Ataniona anaimirira n'kundipatsa kampando kawo. Ndinapepesa. Ndinalankhula nthawi yaitali, mwina kuposa mmene zinkafunikira, ndipo iwo ankangoingitsa ntchentche pa tomato. Pomaliza ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere zoona.

"Mwenze mwakalipa maningi," anatero. "Manje ine nikambe kuti ni amai anu? Mukanabakalipila bakulu baja pamenso panga."

Ndinati abwerere Lachiwiri, ndipo a nyumba yoyandikana ndikalankhula nawo ndekha. Anati aganiza. Anafunsa za mawondo a amayi, n'kusankha tomato wabwino anayi kuti ndikawapatse. Poti anali ndi ulendo wa kutauni kukapikula, ndinati ndiwatenge, ndipo tinayenda limodzi mpaka pamsewu. Ndinawatsegulira chitseko cha kutsogolo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chigulire galimotoyo. Ndinawauza kuti aponde paliponse, palibe kanthu.

Anayang'ana puletiyo kanthawi, chitenje atachigwira ndi dzanja limodzi kuti chisakhudze galimoto.

"Iyai, ba bosi. Nizakwela minibasi."

Lachiwiri sanabwere. A nyumba yoyandikana anali atapeza kale munthu wina, ndipo nditawafotokozera anangoti zikomo potiuza, ndi nkhope ya anthu amene asankha kale nkhani yoti akhulupirire. Ndinabwererako ku Makululu kawiri. Ulendo uliwonse amake mapasa ankandilandira mwaulemu, n'kunena kuti aganiza.

Mapuleti alipobe. Wokonza magalimoto wina anati atha kupala vanishi wakaleyo n'kupopera watsopano, koma sindinapite. Pulasitiki sindimatanso. Waya uja ndinabisa, n'kuwauza amayi kuti sitepe ya mtundu umenewu imafuna nsalu yofewa, ndipo ndinawapatsa kansalu kanga kaja. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimatsegula zitseko, ndimayala saka, n'kuima pambali mpaka amalize. Ndikamawadzutsa amandigwira mikono, akupuma movutika, ndipo pafupifupi nthawi zonse amafunsa funso lomwelo: kodi mnzawo uja, kumene anapeza ntchitoko, akumusunga bwino?