Maungu a amayi anasamukira ku Ulongwe

Kwathu ku Ngokwe, mwana akaloza kadzungu kakang'ono ndi chala ankalandira khofi pamutu. Amayi ankati chala chimafotetsa dzungu. Ukafuna kuonetsa mnzako, unkaloza ndi chibakera kapena ndi milomo. Ine mpaka lero, ndi imvi zangazi, ndikaona kadzungu m'munda chala chimapindika chokha.

Maungu a amayi sanali wamba. Anali aatali khosi, ofiira m'kati, a ufa ngati mbatata. Nthanga zake anabwera nazo makolo awo pochokera ku Mozambiki, ndipo amayi ankazisunga m'kansupa kotseka ndi chitsononkho. Ndiwo, mchere, ngakhale chitenje ankabwereketsa, koma nthanga ankapereka mowerenga, nkhope ili gwa.

Chaka china abambo anakulitsa munda wa thonje mpaka unagundana ndi wa chimanga, momwe maungu ankayanga. Thonje ndi mbewu yaulesi, silidziteteza lokha. Mbozi zikangolowa, abambo ankabereka mpope kumsana m'mawa dzuwa lisanakwere, n'kumapopera mzere ndi mzere. Fungo lake linkafika mpaka pakhonde.

Dzinja limenelo maungu anayanga bwino zedi. Nkhwani tinadya, maluwa anachita kuti mbuu munda wonse. Koma timaungu tinkangofika ngati dzira la nkhuku, n'kuchita chikasu, n'kugwa. Mlandu unagwera ife ana.

"Ndani akuloza maungu anga? Nenani msanga!"

Tinakana mpaka misozi, koma anatiletsa kuponda m'mundamo. Chaka chotsatira sitinapondemo n'komwe, ndipo timaungu tinagwabe. Apa amayi anayamba kuyang'ana anthu odutsa m'njira ndi diso lina. Zinandiwawa kuona munthu wokonda kuseka uja akusanduka wokayikira aliyense, uku nthanga m'kansupa zikutha. Zinatsala zongodzaza dzanja limodzi.

Atatilolanso kulowa m'munda, tsiku lina m'mawa ndikuthyola chiluwe ndi amayi, maluwa a maungu aja timaphika ndiwo, kunadutsa mnzawo wa amayi, mayi wachiyao wogulitsa mandasi.

"Ajimwiche uli, achimjangu?" anapereka moni. Kenaka anaima n'kuyang'ana manja athu. "Inu mukupisa manja m'maluwa chonchi osaopa? Ine kwa mlongo wanga dzana zinandiluma njuchi chala chinachita kutupa."

Amayi anaima, duwa lili m'manja. Analisuzumira. Anasuzumira lina, ndi linanso. Kale ukathyola chiluwe unkayamba wagwedeza duwa kuti mwini wake, njuchi, atuluke, miyendo ili mbuu ndi mungu, ufa wachikasu umene amanyamula kuchoka pa duwa lina kupita pa lina. Tsiku limenelo munda wonse unali zii, ndipo palibe mwa ife anakumbukira kuti kulira kwa njuchi tinakumva liti komaliza.

Madzulo amayi anawauza abambo kuti mankhwala opopera thonje atha njuchi. Abambo sanatsutse. Anangoti, "Ndamva, mayi. Koma ndikasiya kupopera ine, a kuseriku asiya? Nanga ana avala maungu?"

Sindiwaimba mlandu. Thonje lija ndi limene linatiphunzitsa sukulu, ndipo mudzi wonse unkapopera. Njuchi sizidziwa malire a munda.

Mvula yotsatira isanagwe, amayi anamanga nthanga zotsala zija pakansalu n'kukwera galimoto kupita kwa mng'ono wawo ku Ulongwe. Kumeneko kunali mlambe waukulu wokhala ndi njuchi m'mphako, ndipo pafupi panalibe wolima thonje. Kunyumba sanasiye ngakhale nthanga imodzi. Atasiya mbewuyo n'kubwerera kwathu, miyezi imeneyo sankakamba za maungu, koma aliyense wochokera kumeneko ankamufunsa za mvula.

Nthawi yokolola ndinawaperekeza. Mayi aang'ono anatitengera kumunda, ndipo maungu anali ngundangunda, makosi awo aatali ali pansi pa masamba ouma. Amayi anagwada, nagogoda limodzi ndi chala, namvetsera. Ndinkayembekeza kuti aseka. Iwo anangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Mng'ono wawo anasankha lalikulu koposa n'kuwapatsa. "Tengani, achemwali, mukatolenso mbewu."

"Iyayi," anatero amayi. "Ili tikadya. Mbewu izikhala konkuno. Kwathu kulibe woibereketsa."