Ng'oma ya amuna anga pa bwalo la ndege

Sendererani kuno, inu muli kukhomoko, mawu anga masiku ano safika patali. Khalani pansi mumve.

Amuna anga anali woimba ng'oma kwathu ku Misuku. Ng'omayo anasema okha asanandikwatire, yotseka uku ndi uku ndi chikopa cha ng'ombe, ndipo ukaigwedeza munkalira kanthu m'kati, gobede gobede. Kwathu wosema ng'oma amaponyamo kanthu kake asanawambe chikopa, ndipo sauza munthu, ngakhale mkazi wake. Ine ndinafika pomera imvi osafunsa.

Mwana wathu woyamba, amene amagwira ntchito ku Joni, anatumiza mawu kuti akukwatitsa mwana wake wamkazi, ng'oma ya bambo ake ikalire pa ukwatipo. Apo n'kuti amuna anga maso atafa, miyendonso ikukana. Anaikulunga okha m'bulangete, n'kupapasa mfundo iliyonse.

"Anyina ŵana," anatero, "yapita yamoyo iyi. Ibwere yamoyo."

Ndinati yewo, ndamva.

Wondiperekeza anali mwana wathu wachiwiri, mphunzitsi wa ku Boma. M'basi monse mpaka ku Lilongwe ng'omayo ndinaifungatira pamiyendo, kondakitala akudandaula kuti yadya malo a munthu.

Pa bwalo la ndege katundu amayamba wadutsa m'chimakina choona za m'kati. Zikwama zathu zinadutsa. Ng'oma italowa, lamba anaima. Wapolisi wina wa Chichewa cha kumwera anatikodola.

"Agogo, muli chitsulo umu. N'chiyani?"

"Sindidziwa, mwanangu."

"Katundu wanu yemwe osamudziwa? Wakupatsirani ndani?"

"Amuna anga."

"Aimbireni foni atiuze."

Mphunzitsi anaimbira mlamu wake kumudzi, mlamuyo n'kupita nayo foniyo kwa amuna anga. Ndinamva mawu awo ali chapatali: "Auzeni kuti si kanthu kopha munthu." Basi, anakana kuwonjezera.

Wapolisiyo sanali woipa mtima ayi. Anati chinthu chosadziwika sichikwera ndege, koma tikhoza kuisiya kwa m'bale wa m'tauni, tidzaitenge pobwerera. Ine ndinavomera, poti mdzukulu wa achemwali anga amakhala komweko. Koma mphunzitsi anayang'ana wotchi, anayang'ana mzere wa anthu a masuti kumbuyo kwathu, nkhope yake ili gwa ndi manyazi.

"Amama, mukufuna ndege itisiye chifukwa cha chikuni? Akulu atumiza matikiti kuti ng'oma ifike, osati inu nokha."

"Ng'oma si yako iyi."

"Chikopa n'chikopa, amama. Ng'ombe sizinathe."

Pafupi panali bambo wokulunga zikwama ndi pulasitiki. Mwana wangayo anabwereka kampeni ka bamboyo. Ndinamugwira dzanja, anandisasa ngati ntchentche. Chikopa chimene chinalira pa ukwati wanga ndi pa maliro a apongozi anga chinangoti phwii, kamodzi.

Kanthu kaja kanagwera pa tebulo. Wapolisi anakatembenuza ndi chala n'kuseka. "Kameneka basi? Pitani bwino, agogo." Musandifunse kuti kanali kachiyani. Maso amene anakaona pa tsikulo akwana, sindiwonjezerapo anu. Ndinakamanga pa nsonga ya chitenje, kanadutsa nane osaletsedwa ndi aliyense.

M'ndege anandipatsa chakudya, sindinachikhudze.

Ku Joni woyamba uja anaiona ng'omayo nati pepani amama, n'kuiika kuseri kwa chitseko. Pa ukwati panalira zimkuzamawu. Palibe anafunsa za ng'oma.

Nditabwera nayo, amuna anga anamasula bulangete, zala zawo n'kulowa pachibowo. Ndinawaika kanthu kaja m'manja. Anakafumbata, kenaka anandibwezera.

"Wang'amba ndani?"

Ndinamutchula. Sanakalipe. Mphunzitsi atabwera ndi chikopa chatsopano pa kabaza, anamuuza kuti akapangire mpando.

Amuna anga sanaimbenso ng'oma ya munthu aliyense, ndipo tinawaika mvula ya chaka chotsatira isanathe. Mdzukulu wokwatiwayo ali ndi ana awiri amene sindinawaonepo. Bambo ake akadali ku Joni, amatumiza mabulangete. Mphunzitsi ndi hedimasitala tsopano, ndipo ndikayamba nkhaniyi amatuluka kukayankha foni. Ng'omayo ili m'khitchini, nkhuku imaikiramo mazira. Ine ndili pano, ndipo mwana ameneyo akabwera ndimamuphikira, koma sindidya naye.