Mayi Amene Ankakhala Kumutu kwa Bedi

Mwezi wathawu mpingo wathu unaika m'manda namwino wopuma pantchito amene tonse tinkangowatchula kuti Mayi Akumutu. Dzinali analitengera kuchipatala, m'chipinda cholandirira angozi, poti malo awo anali kumutu kwa bedi. Kukwaya sanali katswiri, tisanamizane, mawu awo ankayenda okha njira ina. Koma pemphero la m'mawa silinkawaphonya, ndipo ambiri amene tikuwerenga pano tinagonapo m'manja mwawo.

Ali kamtsikana, ketulo ya madzi owira inawatayikira pamsana. Kuchipatala ankawamatula bandeji akuluakulu atawapanikiza manja ndi miyendo, azakhali awo akuti, "Pirira mwana iwe, Ambuye anapirira zoposa izi." Chilonda chinapola, koma manja owapanikiza aja sanawaiwale. Atakula ankakonda kunena kuti, "Ululu umene mwini wake sanaupereke si nsembe ayi. Ndi ululu basi."

Ataphunzira unamwino anapatsidwa ntchito yolondera odwala amene agonetsedwa ndi mankhwala kuti asokedwe bala kapena awongoledwe fupa. Kuionera patali ntchitoyi, ungati ndi ya alesi. Dokotala ali kalikiliki kukoka mwendo, ena akuthamanga ndi mabeseni, iwe uli phee. Komatu tulo timeneti si ta kunyumba. Mankhwala akapitirira pang'ono, lilime limagwera kukhosi, mkonono umayamba, chifuwa chimaleka kukwera, milomo n'kuda. Imfa ya m'chipinda chimenecho sigogoda, ndipo imakonda wodwala amene wasiyidwa yekha.

Mayi Akumutu ankaidziwa. Asanabaye ankafunsa nthawi imene wodwala wadya, n'kuyesa chigoba cha mpweya, n'kupanira kamakina pachala. Akakhala mwana, ankagwada kuti maso alingane. Kenako ankanena mawu omwewo kwa aliyense: "Ndikugonetsani pang'ono. Ine ndikhala pompano mpaka mudzuke." Milomo yawo inkagwedezeka ndi pemphero, koma maso sankatseka. Wodwala akatsegula maso, ankamulonjera ngati wochokera kuulendo: "Mwayenda bwanji?"

Dokotala wina wanthabwala anawafunsapo, "Amayi, mapempherowa mumawathira m'diripi?"

"Adokotala," anayankha, "Namalenga asanachotse nthiti ya munthu woyamba anayamba wamugoneka tulo. Ndipo sitinamve kuti anachokapo kukamwa tiyi."

Anakwatiwa ndi kalipentala, munthu wofatsa, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi. Banja linali lamtendere mpaka masana ena amene lole yodzaza anthu inagubuduzika. Chipinda chinadzaza, ena pansi, magazi ponseponse, anamwino osakwana. Pakati pa chipwirikiticho apolisi anabweretsa mbava imene anthu anaimenya kumsika, phewa litaguluka. Mayi Akumutu anailonjeza monga ankalonjezera aliyense, n'kuigonetsa. Phewa linabwerera m'malo, dokotala n'kuthamangira kwa ena. Apo m'pamene mkonono unayamba. Anagwira chibwano cha munthuyo ndi manja onse awiri, kuchikankhira kutsogolo kuti mpweya udutse. Akangofewetsa zala, khosi linkatsekeka.

Ali chigwirire, anamva mawu a mwana wawo pakhomo: "Amayi! Abambo agwa padenga!"

Machira anadutsa, n'kuima kuseri kwa katani. Ankaona nsapato za amuna awo, zautuchi, pansi pa nsaluyo. Anafuula kuti wina adzawalandire, koma aliyense anali ndi wake m'manja, ndipo madokotala awiri anali atathamangira kale kwa kalipentalayo. Anamva amuna awo akuwaitana, mawu akuchepera. Mwana wawo uja, amene anali atangoyamba kumene ntchito yosoka zovala, anadzawakoka yunifolomu.

"Amayi, akukuitanani! Musiyeni ameneyo!"

"Ndikamusiya afa, mwanawe. Pita ukawagwire dzanja. Uwauze kuti ndili pano."

Mmene mbava ija inkatsokomola n'kutsegula maso, kuseri kwa katani kunali kutangoti zii. Amene analipo amati mayiwa anailonjerabe, misozi ikugwera papilo. Kenako anapita kukatseka maso a amuna awo.

Maliro atatha, mwana wawo anawauza mawu amodzi: "Munasankha mbava." Anamanga katundu, n'kusamukira kutauni ina. Anakwatiwa osawaitana, ana anabadwa osaona agogo awo. Mumpingo momwe muno tinagawikana, ndipo ena tinayankhula zimene lero tikuchita nazo manyazi. Iwo sanadziteteze. Abusa atawafunsa ngati akudandaula, anati, "Ndimadandaula m'mawa uliwonse. Koma mutandibwezera pabedi pomwe paja, sindikanasiya chibwano chija. Chimenecho ndiye chimandiopsa." Anabwerera kuntchito, n'kukhalabe kumutu kwa bedi mpaka tsitsi linachita mbuu. Pa mapemphero a Lachitatu sankapempha kanthu kena koma kuti, "Mundikumbukirire mwana wanga."

Ukalamba unabwera ndi mtima wotupa ndi befu. Anayamba kuopa tulo, iwo amene anagonetsa anthu osawerengeka. Ankauza mnansi wawo kuti chimene chikuwadetsa nkhawa si imfa ayi, koma kuti tsiku lawo likadzafika, kumutu kwawo kudzakhala wopanda munthu.

Tsikulo linafika m'mawa wina, ataterereka m'bafa. Mwendo unathyokera pakakolo, phazi n'kupotoka, n'kuyamba kuzizira. Anawagoneka m'chipinda chawo chomwe chija. Dokotala anawauza mosabisa kuti phazi likapanda kuwongoledwa lifa, koma kuti mtima wawo sungadalirike pa mankhwala ogonetsa.

"Ndikudziwa, mwanangu," anatero. "Ndakhala ndikuwauza ena zomwezo."

Ali m'njira yopita kuchipatala, mnansi uja anali ataimbira foni mwana wawo. Palibe anayembekezera kanthu. Mayiwo ankangoyang'ana katani, akupempha kuti adikireko pang'ono, pamene phazi linkanka lida. Dokotala atati sangadikirenso, katani inagwedezeka. Analowa mayi wamkulu ndithu, fumbi la ulendo lili kumapazi, nkhope ngati ya kalipentala uja. Anaima kumiyendo kwa bedi, osapereka moni.

"Mwanawe," anatero Mayi Akumutu, "sindikupempha kuti unene kuti ndinachita bwino."

Mwanayo anayang'ana phazi lija, anayang'ana jakisoni m'dzanja la namwino. Kenako anazungulira bedi pang'onopang'ono mpaka kumutu, n'kufunsa namwinoyo ngati angaime pambali pake. Anaika dzanja pachipumi cha mayi ake.

"Gonani, amayi. Ine ndikhala pompano mpaka mudzuke."

Mayi Akumutu anakweza maso n'kumuyang'ana. Anatseka maso akumwetulira, mankhwala asanalowe n'komwe.

Phazi linawongoka, magazi n'kuyambanso kuyenda. Namwino sanachoke, dokotala anachita zonse zimene munthu angachite. Koma mtima unali utatopa. Unagunda mofooka mpaka dzuwa litapendeka, kenako unapumula, mopanda kubuula ngakhale pang'ono.

Mwana uja anakana kuchoka. Anamwino anamunyengerera, iye n'kumangoti, "Ndalonjeza. Sanadzuke." Anachita kuitana abusa, amene anadzakhala pambali pake n'kumugwira paphewa.

"Wafikitsa mbali yako, mwana wanga. Kuyambira apa alondera ndi Mwini wake."

Mayi Akumutu sanasiye chuma. Anatisiyira funso limene sitinalimalize kuyankha, ndi mwana amene tsopano amakhala pabenchi pawo Lamulungu lililonse, adzukulu ali m'mbali. Iye amati tsiku lija moni uja anali naye pamlomo, akungodikira kuti maso atseguke. Ife tikukhulupirira kuti anatsegukadi, kungoti kwina, ndipo kumutu kwawo anapeza Wina atakhala kale, akuwafunsa kuti, "Mwayenda bwanji?"