Kalata Imene Ndinabisa M'denga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene atate anaganiza zopita ku Dar es Salaam. Tinkakhala ku Matero, ndipo iwo anali telala. Masiku amenewo nsalu zinkasowa m'masitolo a mu Lusaka. Njanji yatsopano inali itangotsegulidwa, ndipo anthu ankati kumene yathera nsalu zili mbwee. M'banja mwathu munalibe amene anaolokapo malire. Anasankha kupita ndi ine chifukwa ndinali mu Giredi 7, ndinkadziwa Chingerezi. Ndinadzimva kuti ndine munthu.

Kukonzekera kunatenga miyezi. Pasipoti itabwera, atate anaikulunga m'kansalu n'kuisunga m'bokosi la makina osokera. Anansi ankabwera kudzaiona ngati khanda. Chinatsala ndi kogona. Atate anati tikafikira kwa Ba Tembo, mwamuna wa m'mudzi mwawo ku Katete, amene ankapakira katundu m'malole padoko. Anandikhazika pansi, iwo akunena, ine ndikulemba: moni, tsiku lofika, ndi kuti tikubwera awiri. Anamata sitampa n'kundituma ku positi.

Sindinaiponye kalatayo. Kwa wometa tsitsi wa pamsika kunali kalendala ya hotela yoyera, yosanja, mitengo ya kokonati ili m'mbali. Wometayo ankakonda kundiuza kuti, "Iwe mwana, bamene bayenda ku Dar bagona umu, osati pa mphasa." Iye anali asanapitirirepo Kabwe, koma ndinamukhulupirira. Ndinaganiza kuti Ba Tembo akapanda kubwera kudzatichingamira, atate adzasowa chochita, ndipo tidzagona m'hotela. Kalata ndinaisomeka pakati pa lata ndi mtanda wa denga.

Sitima tinakwerera ku Kapiri Mposhi. Zimene ndinaona m'njira sindinazionenso mpaka lero. Sitima inkalowa m'mimba mwa phiri dzuwa likuswa mtengo, kukhala bii, n'kutulukira pamlatho umene pansi pake mitengo inkaoneka ngati udzu. Pena kadyamsonga anaima pafupi ndi njanji n'kumatiyang'ana. Atate anavula chipewa, sanachivalenso mpaka tinafika.

Tinatsika m'mawa, mphepo ili yotentha ndi yonyowa. Anthu anatengedwa ndi abale awo mmodzimmodzi, mpaka tinatsala awiri ndi sutikesi yathu yomanga ndi chingwe. Atate anayang'ana uku ndi uku, kenako anayang'ana ine.

"Kalata ija unaponya?"

Ndinaulula zonse, za kalendala yomwe. Ndinkayembekezera khofi. Silinabwere.

"Chabwino," anatero. "Tsogola. Wodziwa kogona ndiwe."

Tinayenda mtunda wautali, ine patsogolo. Hotela yoyera tinaipezadi, kaya ndi yomwe ija kaya ina. Pakhomo panali mlonda wovala bwino kuposa ahedi a kusukulu kwathu. Anayang'ana chingwe cha sutikesi, n'kulankhula Chiswahili. Ndinatsegula pakamwa, Chingerezi chonse chinathawa. Anatilozera msewu ndi chibwano. Atate anali chilili kumbuyo kwanga.

Msewu umenewo unatifikitsa kunyanja. Madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a mtsinje wa Kafue. Awa analibe tsidya lina. Zombo zinali zitaima patali, zazitali ngati nyumba zosanja za m'tauni, koma zili pamadzi osamira. Atate anavula nsapato, anapinda buluku, analowa mpaka m'maondo. Anatunga madzi ndi dzanja n'kulawa.

"Ndi mcheredi," anatero motsitsa mawu.

Tinaima pamenepo nthawi yaitali. Mantha anandigwira, osati a madzi ayi. Ndinazindikira kuti m'dziko lalikulu chonchi munalibe munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti tafika, ndipo wochititsa ndinali ine.

Atate anavala nsapato n'kutsogola okha. Pafupi ndi doko anapeza malole a nambala za ku Zambia, n'kupereka moni m'Chinyanja kwa dalaivala aliyense. Wachinayi ndiye anati, "Ba Tembo ba ku Katete? Nibaziba. Tiyeni."

Ba Tembo anatilandira ndi manja awiri. Nyumba yawo inali chipinda chimodzi, ana anayi. Koma ine ndinaona nkhope ya akazi awo. Anamwetulira, kenako anatuluka ndi mbale yobisa m'chitenje. Anapita kukapempha mpunga kwa anansi. Ana awiri anawatumiza kukagona kwa eni, ndipo bedi lawo lokhalo anatipatsa ife. Ba Tembo ankangopepesa kuti tawapeza chimanjamanja, kuti tikanalemba akanagula nkhuku. Munthu wamkulu, wa imvi, kupepesa chifukwa cha ine.

Atate sanandiloze. Anangoti, "Olakwa ndife, achimwene."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa chikoti.

Tinakhala masiku asanu, nsalu tinagula. Titabwerera ku Matero, ndisanamwe ndi madzi omwe, atate anandiuza kuti nditsitse kalata m'denga. Inali itada ndi utsi. Anandilamula kuti ndilembe kuseri kwa envulopu, m'mawu anga, chimene ndinachita, ndi dzina langa pansi. Anandiperekeza ku positi, n'kuima pambali mpaka anamva ikugwera m'bokosi.

Sukulu ndinalekeza chaka chomwecho, koma ndayenda maiko anayi pa ntchito yanga ya utelala, ndipo sindinafikepo pakhomo pa munthu modzidzimutsa. Ndili mwana ndinkayesa kuti kalata ija inali yotipezera ife malo. Inali yosungira ulemu wa mayi uja, kuti asatuluke ndi mbale m'chitenje. Adzukulu anga lero amasankha kogona poona zithunzi pafoni. Sindiwaletsa. Ndimangowafunsa kuti kumene akupitako akuwadziwa ndani, ndipo ngati amuuza.