Kalata ya Umboni ya Keziah Ollerton

Keziah Ollerton anagwira ntchito m'nyumba ya Mayi Threlfall zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo m'mudzi mwathu mwa Askwold ndi iye yekha amene ankadziwa ngati mayiwo anali aatali kapena aafupi. Mayi Threlfall sankatuluka. Sanakwatiwe, sankalandira alendo, kutchalitchi kunkapita chopereka chawo chokha. Ankalemba mabuku a nkhani zopeka, Keziah n'kumakaponya mapepalawo ku positi Lachisanu lililonse.

Mayiwo anamwalira m'nyengo yozizira ya 1879 osamulembera Keziah kalata ya umboni. Kwathu kuno wantchito wa m'nyumba salembedwa kwina popanda kalata ya bwana wake wakale yonena kuti saba, saledzera, ndipo amalawirira. Wopanda kalatayo njira yake ndi imodzi, ya kunyumba yosungirako amphawi, kumene munthu amalowa ndi miyendo yake n'kutuluka atanyamulidwa. Keziah anali ndi zaka makumi asanu. Anapita kwa Abusa Pinchbeck kukapempha kuti amulembere iwowo.

Abusawo, poona kuti ntchitoyo ndi ya mphindi zisanu, anakhazikitsa komiti.

Vuto linali buku. M'buku lomaliza la Mayi Threlfall munali wantchito wotsimphina mwendo wamanzere, amene ankathira poizoni pang'onopang'ono mumsuzi wa dona wake. Keziah ankatsimphina mwendo wamanzere. Anthu a ku Askwold sawerenga mabuku, koma tsamba limenelo analiloweza ndi agogo osaona omwe. Dokotala analemba kuti mayiwo anafa ndi chifuwa, inde, koma dokotalayo anali wobwera.

Komiti inakumana katatu. Tsiku loyamba inasankha wapampando. Lachiwiri inagwirizana kuti bukulo libwerekedwe. Lachitatu inaitana Keziah, ndipo sanamupatse mpando.

"Tatiuza, Keziah," anayamba motero Bambo Hoad, mlembi wa komiti, amenenso ankakhoma mabokosi a maliro. "Adona ako ankakonda msuzi?"

"Tsiku ndi tsiku, bwana."

"Ankaphika ndani?"

"Mphaka, bwana. Ine ndinkangomusendera anyezi."

"Iwe, mwano pamaso pa abusa? Ndizilemba zimenezi!"

"Lembani, bwana. Dzina lake Tibbs."

Abusa analowererapo ndi mawu awo a pamaliro. "Mwana wanga, palibe akukunenera zoipa. Tikungodabwa kuti mwendo wa m'bukumu ndi wamanzerenso."

"Nanga akanautenga kuti wina, abusa? Zaka zonsezi munthu amene ankamuona akuyenda ndinali ine. Ndevu za woweruza wa m'buku lachiwiri lija ndi zanu, ankazionera pawindo. Anandiwerengera okha ndikusita. Woweruzayo amanyonga munthu wosalakwa. Inu mwanyongapo angati?"

Mawu amenewa sanalembedwe.

Patatha masabata awiri kalata inatuluka, ya chidindo, yosainidwa ndi anthu asanu. Inati: "Komiti sinapeze umboni wokwanira woti Keziah Ollerton anapha munthu." Keziah anayenda nayo m'nyumba zinayi. Kulikonse anaiwerenga kawiri, n'kumuperekeza mpaka pageti mwaulemu umene sanauonepo chibadwire. Keziah anali atamanga kale katundu wake m'kathumba, kukonzekera ulendo wa kunyumba ya amphawi ija.

Anamupulumutsa ndi anthu a ku London. Nyengo yozizira itatha anayamba kubwera pasitima kudzaona nyumba ya wolembayo, ndipo komiti yomwe ija, posafuna kutha, inadzisandutsa komiti ya chikumbutso. Inakonza tebulo la malemuwo, cholembera, magalasi. Alendo ankayang'ana zimenezi mwachidule, kenako n'kutsitsa mawu: kukhitchini ndi kuti? Nanga wantchito uja adakali moyo?

Bambo Hoad anapita okha kukamupeza.

"Komiti yakusankha kukhala wosamala nyumba. Uzigona m'chipinda chako chakale. Koma alendo akakufunsa za adona ako, usavomere. Kungoti usakanenso kwambiri."

"Ndiye kuti mwakhulupirira tsopano kuti sindinawaphe?"

"Mfundo imeneyo siili pa ndondomeko ya zokambirana."

Keziah anakhala m'nyumbamo mpaka imfa yake mu 1898, wofunda ndi wokhuta. Alendo akamufunsa, iye ankangoyang'ana pansi nthawi yaitali, n'kunena kuti adona anali munthu wabwino. Anthu ankatuluka atakhutira, ena akunjenjemera. Za mabuku enawo ndi ochepa ankafunsa.

Ine ndinkamudziwa bwino Keziah, ndipo ndinkamukonda. Ndinkapita kukacheza naye Lamlungu lililonse, nditadya kale.