Njinga Yanga pa Masamba a Maliro

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili mu Sitandade 6, pamene ndinapita kusukulu ndekha koyamba. Nkhani ya tsiku limenelo imakambidwabe ku Chinsapo, koma ambiri amaikamba mokhota. Azakhali anga amati anyamata anandinyamula pamodzi ndi njinga yanga ngati mkwati. Ena amati abusa anaimitsa nyimbo nalamula kuti ndidutse. Zonsezi si zoona. Mwini nkhani ndine, ndipo manja amene anagwira ntchito tsikulo ndi omwe akulemba panowa.

Miyendo yanga inafooka ndili wamng'ono, nditadwala nthenda yomwe inandigoneka m'chipatala nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo amayi ankandibereka popita kusukulu ndi pobwerera, moti ndinkadziwa fungo la chitenje chawo kuposa njira imene tinkadzera. Koma mwana amakula pamene msana wa mayi wake sukula. Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera, ndipo anamwino anawaletsa kunyamula zolemera. Cholemera chachikulu pakhomo pathu ndinali ine.

Bambo anga, amene anali mmisiri womanga nyumba, anapita kwa Che Yusufu, wowotcherera zitsulo wochokera ku Mangochi yemwe anali ndi shedi pafupi ndi msika. Che Yusufuwo anandipangira njinga ya matayala atatu, limodzi kutsogolo, awiri m'mbali mwa mpando wa thabwa. Mapedulo anawaika pamwamba, molingana ndi chifuwa changa, kuti ndizipalasa ndi manja. Inkanunkha penti yobiriwira ndi girizi. Tchuthi chonse cha Khirisimasi ndinkaizungulitsa pabwalo mpaka zikhatho zinatuluka matuza, kenako n'kuuma.

Kutatsala tsiku limodzi kuti sukulu zitsegulidwe, bambo anandiuza mawu amene ena amawayesa nkhanza, koma sanali nkhanza. Anati ngati njingayo idzafuna wina woikankha kapena wondinyamula panjira, ndiye kuti sukulu yathera pomwepo, ndizikhala pa benchi ya tomato ya amayi. Bambowo ankachoka m'mamawa kupita kuntchito, ndipo ankadziwa kuti ana a eni amathandiza sabata yoyamba, yachiwiri amatopa.

Usiku umenewo kunagwa mvula, ndipo kunagwanso maliro. Anamwalira mayi a kwa a Gondwe, banja la kumpoto limene tinkapemphera nalo. Bambo anapita kusiwako kusanache. Ine mutu unali pa yunifolomu yanga yatsopano ndi chipewa chimene amayi anandigulira kuopa dzuwa, kotero sindinaganize kuti nyumba ya a Gondwe inali m'mphepete mwa msewu wa kusukulu. Njira ina inalipo, koma inkawoloka ngalande pa mitengo iwiri yogoneka, pamene njinga ya matayala atatu sikanadutsa.

Ndinapalasa monyadira, madzi ofiira akuthovukira m'mbali, mpaka ndinaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu. Mwana aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake. Kuyambira pa masamba oyamba kufikira pa achiwiri, wagalimoto amayenda ngati akuwerenga miyala, wachipewa amavula, wawailesi amazimitsa, ndipo wanjinga amatsika n'kuikankha. Patsogolo panga bambo wina wa makala anatsika, nayamba kukankha njinga yake ndi matumba ake omwe. Ine ndinagwira buleki. Kutsika sindikanatha.

Anyamata awiri amene ankayang'anira pamasambapo anandiyandikira. Wamtaliyo anali asanaione bwino miyendo yanga.

"Iwe mfana, masambawa ukuwayesa ndiwo? Tsika."

Mnzake anamugwira pamkono. "Aise, atsike apite kuti? Ona bwino."

Wamtaliyo anachita manyazi, koma sanafune kugonja pamaso pa anthu. Ananena kuti mwambo ndi mwambo, pamaliro sapalasa njinga ngakhale ikhale ya matayala khumi, ndipo ngati sindingatsike ndibwerere kunyumba ndikadikire mawa. Mnzakeyo anati andilole ndipalase mwachangu anthu asanaone. Koma anthu anali ataona kale. Azibambo amene anakhala pa mabenchi kunja kwa nyumba anali atatembenuka onse, ndipo pakati pawo panali bambo anga, chipewa chili pabondo. Anandiyang'ana, koma sanaimirire.

M'nyumba amayi a mvano ankaimba motsitsa. Utsi wa chikuni chimene chinagonera usiku wonse unkandilowa m'maso. Kutali ndinamva chitsulo cha kusukulu chikulira koyamba.

Pamenepo anabwera mchimwene wa a Gondwe, munthu wamkulu wa jekete lakuda, maso ali ofiira ndi tulo. Atamva nkhaniyo, anawauza anyamatawo mwachifundo kuti asamuvutitse mwana, aitane anzawo awiri andinyamule pamodzi ndi njingayo mpaka tsidya la masamba. Apa ndi pamene azakhali amasokonezera. N'zoona kuti mawuwo ananenedwa, ndipo n'zoona kuti anyamata anawerama n'kugwira zitsulo za mpando wanga. Koma njinga sinachoke pansi.

Ndinadziwa kuti ndikapalasa ndinyoza maliro, ndipo dzina la bambo lidetsedwa pakati pa anzawo. Ndikanyamulidwa, mawa ndili pa benchi ya tomato. Ndinayang'ana bambo wa makala uja, amene anali atafika pakati pa masamba oyamba ndi achiwiri, ndipo ndinaona kuti mwambo sunamulande njinga yake. Unangomuletsa mapedulo ndi liwiro. Ndinavula chipewa, n'kuchiika pamiyendo.

"Abambo, pepani ndi zovutazi," ndinatero. "Anzanga onse akukankha okha njinga zawo. Ndiloleni nanenso ndikankhe yanga."

Mkuluyo anawakodola anyamata aja kuti asiye.

Ndinachotsa manja pa mapedulo. Chitsulo chowongolera ndinachitsamira ndi chifuwa kuti tayala lakutsogolo lisakhote, ndipo ndinagwira matayala awiri am'mbali ndi zikhatho, n'kuyamba kuwakankha. Anali odzaza matope ozizira osakanikirana ndi timiyala. Njinga inasuntha pang'ono, inaima, inasunthanso. Matope anatsikira m'mikono mpaka m'zigongono, nadontha pa kabudula watsopano. Pamalo pena tayala lakumanzere linalowa m'kadzenje, njinga n'kupendekeka, ndipo ndinamva munthu akudzuka pa benchi. Mawu a bambo anga anamveka, osakweza.

"Musiyeni. Akuyenda."

Ndinabweza tayalalo m'mbuyo, ndinalizembetsa kadzenjeko, ndipo ndinapitirira. Podutsa pakhomo penipeni ndinaweramitsa mutu monga amachitira aliyense. Palibe amene anawomba m'manja, chifukwa panali pamaliro, ndipo amene amati anthu anakuwa ndi chimwemwe sadziwa khalidwe la kwathu. Chimene chinachitika n'chakuti mnyamata wamtali uja anathamangira kutsogolo, nakaima pa masamba achiwiri manja ali kumbuyo, kundidikira. Nditawoloka anangoti, "Wakwana, mfana," ndipo ine ndinavala chipewa, n'kugwiranso mapedulo ndi manja amatopewo.

Ndinafika anzanga atalowa kale m'kalasi. Aphunzitsi ataona mikono yanga anandituma kukasamba pampopi, ndipo ndinapitako ndekha.

Bambo sananene chilichonse za tomato, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Loweruka lotsatira anaikankha njinga ija kupita nayo kwa Che Yusufu, ine ndili pambuyo pa njinga ya mnansi. Anapempha kuti awotcherere mkombero wachitsulo kunja kwa tayala lililonse lam'mbali, woti ndizigwira m'malo mwa tayala lenilenilo. Che Yusufu anaseka, nati akanadziwa kuti kasitomala wawo ndi woyenda m'maliro akanaika mikomberoyo kalekale. Mikombero imeneyo inandithandizanso polowa m'makomo opapatiza ndi potembenuka m'kalasi, ndipo njingayo inandifikitsa mpaka ku sekondale, kumene ndinamaliza Folomu 4 ndi satifiketi yabwino.

Lero ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndimayendera njinga yabwino kuposa ija. Makolo a ana aulumali akabwera kudzandifunsa nzeru, ambiri amaganiza kuti mwana akapeza njinga, ndodo kapena chothandizira kumva, nkhani yatha. Ndimawauza kuti chipangizo chimamufikitsa mwana pakati pa anthu, ndipo pakati pa anthu pali miyambo imene inakhazikitsidwa popanda kumuganizira. Pamenepo ena adzafuna kumubweza, ena adzafuna kumunyamula, ndipo onsewo amamuchotsa m'gulu, ngakhale achiwiriwo amatero ndi mtima wabwino. Ine sindinkafuna kukhululukidwa mwambo. Ndinkafuna kuusunga monga mwana wa m'mudzimo, ndi manja anga.

N'chifukwa chake azakhali akayamba nkhani yawo ya anyamata ondinyamula, ndimawadikira amalize, popeza ndi akulu. Akamaliza ndimawakumbutsa mwaulemu kuti munthu wonyamulidwa safika kusukulu ndi matope mpaka m'zigongono.